Mbewa Singakuuzeni Kuti Khofi Wayamba Kununkha

Chiyambire 2020, mutu wa nkhani wonena kuti asayansi apeza chimene chimachititsa munthu kusiya kumva fungo akadwala Covid-19 wakhala ukubwerabwera ngati mwini katapila. Umatuluka, anthu amatumizirana pa WhatsApp, umazilala, pakapita miyezi ingapo umatulukiranso utavala malaya ena. Mukalimba mtima n'kuwerenga mpaka ndime yachisanu ndi chimodzi, mumapeza kuti odwala akunenedwawo ali ndi ubweya, ndevu zazitali ndi miyendo inayi. Ndi mbewa za mu labotale, kapena tinyama tina tonenepa, tamchira waufupi, totchedwa hamster. Pamutu pa nkhani sizitchulidwa. Zimabisidwa kuseri ngati malume oledzera pa tsiku la chinkhoswe.

Ine ndimaphunzira mabuku, mbiri yakale ndi filosofi, ndipo anzanga a ku sayansi akandimva ndikukamba za mphuno ya hamster amafa nalo phwete: iwe ndi mbewa mudziwana kuti, kupatula za pampani zogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa M1? Asiyeni aseke. Funso limene ndili nalo ndi la kwathu kuno kwa a mabuku: ndi umboni wa ndani umene umamveka pompopompo, ndipo ndi wa ndani umene umayamba wadikira kuti wina ausainire? Pa nkhani ya fungoyi, munthu analankhula koma sanalabadiridwe.  Zimenezi ndi zimene ndikukana.

Tiyeni tione kalendala. Chakumapeto kwa Marichi 2020, bungwe la madokotala a mphuno, makutu ndi pakhosi ku Britain, lotchedwa ENT UK, linachenjeza kuti kukubwera anthu ambiri amene asiya kumva fungo mwadzidzidzi, ena mphuno zili zotseguka bwinobwino, opanda ndi mamina omwe. Madokotalawo sanazione pa makina. Anachita kuuzidwa ndi odwala, ndipo anzawo a ku Italy, Iran ndi Germany ankalandira madandaulo omwewo. Bungwe la CDC ku America linaika vutoli pamndandanda wa zizindikiro za Covid-19 mu Epulo. Boma la Britain linadikira mpaka pa 18 Meyi. Masabata onsewo, namwino wa ku London amene anadzuka osamva fungo la sopo, koma sakutsokomola ndipo thupi silikutentha, malamulo sankamuuza kuti akhale kwayekha. Komatu nkhaniyi sinali yachilendo. Madokotala a mphuno akhala akudziwa kwa zaka zambirimbiri kuti chimfine wamba ndi fuluwenza zimatha kumusiya munthu wosamva fungo kwa miyezi, ena mpaka moyo wonse. Zinkadziwika, kungoti zinkaoneka zazing'ono.

Kupeputsa mphuno kuli ndi makolo ake, ndipo ena mwa makolowo ndi athu ife a mabuku, ndiye tisaloze chala a sayansi okha. Immanuel Kant, m'buku lake la 1798 lonena za chikhalidwe cha munthu, anaika kununkhiza pansi penipeni pa mphamvu zonse za thupi. Kwa iye, munthu angathe kukhala popanda mphamvu imeneyi, chifukwa zonyansa zimene imabweretsa n'zambiri kuposa zokoma. Mu 1879 Paul Broca, dokotala wa ku France wofufuza za ubongo, anaona kuti kagawo ka ubongo kolandira fungo n'kakang'ono mwa munthu poyerekeza ndi ubongo wonse, ndipo anatiika m'gulu la zolengedwa zosayendera mphuno. Maganizowa sanachokere poyesa mphuno za anthu amoyo. Anachokera poyeza ubongo wa akufa. Mabuku anangokhala akukoperana, mpaka John McGann wa pa Rutgers University analemba mu magazini ya Science mu 2017 kuti nkhani yoti munthu samva bwino fungo ndi nthano chabe ya zaka za m'ma 1800. Ukaphunzitsidwa kuti mphuno ya munthu ndi chinthu chotsalira, wodwala akakuuza kuti yake yafa umangomuuza kuti athokoze Mulungu poti akupuma.

Tsono ndisanayambe kukalipa, tinyamati nditipatse ulemu wake, chifukwa tatiphunzitsa zinthu zenizeni. Pamwamba penipeni m'kati mwa mphuno, chapakati pa maso, pali kachikopa konyowa kokhala ndi maselo a mitsempha mamiliyoni ambiri. Selo lililonse lili ndi titsitsi tating'onoting'ono toviikidwa m'mamina, ndipo mchira wake umadutsa m'timabowo ta fupa n'kukalowa mu ubongo. Mu 1991 Linda Buck ndi Richard Axel a pa Columbia University, pofufuza makoswe, anapeza banja lalikulu la majini, ndikunena a sayansi osati aja otulutsidwa kwa asing'anga, amene amapanga timisampha togwira fungo pa titsitsi timeneti. Selo lililonse limasankha msampha wa mtundu umodzi wokha. Ntchitoyi inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2004. Zisanachitike izi, m'zaka za m'ma 1970, Pasquale Graziadei ndi anzake ku Florida anali ataonetsa pa nyama za mu labotale kuti mitsemphayi ndi yapadera: imafa, ina n'kumera m'malo mwake kuchokera ku maselo a pansi, moyo wonse wa nyamayo. Chiyembekezo chimene wodwala ali nacho lero, chakuti mphuno yake ingaphukenso ngati chitsa mvula ikagwa, gwero lake ndi makola a makoswe.

Covid-19 itabwera, funso linali lakuti kachiromboka kamawononga chiyani kwenikweni. Mu Julaye 2020 gulu la Sandeep Robert Datta ku Harvard linaonetsa kuti puloteni ya ACE2, imene ili ngati chitseko cholowera kachiromboka, sipezeka kwenikweni pa mitsempha yomva fungo. Ili pa maselo oyandikana nayo, amene ntchito yawo ndi kuchirikiza mitsemphayo, kuidyetsa ndi kusamala madzi oizungulira. Chaka chomwecho ku France, gulu la Nicolas Meunier linadonthezera kachiromboka m'mphuno za ma hamster. Pomatha masiku awiri, kachikopa kaja kanali katayamba kugumuka ngati pulasitala wa nyumba yosamata bwino nthawi ya dzinja. Maselo ochirikiza anali odzaza kachirombo, titsitsi tija tinali titayoyoka, ndipo asilikali a chitetezo cha m'thupi anali atakhamukira pamalopo. Pofika tsiku la 14, khomalo linali litayamba kumangidwanso. Mwachidule, kachiromboka sikadula mawaya, kamagwetsa mapolo. Magetsi amazimabe.

Kafukufuku amene ndimamusilira kwambiri anatuluka mu magazini ya Cell mu 2022, kuchokera kwa Marianna Zazhytska ndi anzake a m'magulu a Stavros Lomvardas ndi Benjamin tenOever ku New York. Iwo anapeza kuti mitsempha imene kachirombo sikanaikhudze n'komwe imasiya kupanga timisampha ta fungo tija, chifukwa dongosolo la majini m'phata la selo limasokonekera. Kenaka anatenga madzi a m'magazi a hamster yodwala, anapha kachirombo konse ndi kuwala kwa UV, n'kudonthezera m'mphuno mwa hamster yabwinobwino. Nayonso mitsempha yake inasokonekera. Ndiye kuti mitsempha imagontha ndi phokoso la nkhondo imene thupi likumenya, ngakhale mdani asanaiyandikire. Palibe amene angachite zoterezi pa munthu wamoyo. Ndipo chimene anachita bwino koposa n'chakuti sanathere pa hamster: anapita kukaona m'mphuno za anthu amene anamwalira ndi Covid-19, n'kupeza chisokonezo chofanana.

Mavuto amayamba tikafunsa kuti nyama yake ndi iti. Mbewa wamba ya mu labotale sinkadwala ndi kachirombo koyamba kaja ka ku Wuhan. Chitseko chake cha ACE2 chili ndi loko wina, kiyi sankalowa. Choncho asayansi anathamangira mbewa zochita kupanga, zotchedwa K18-hACE2, zimene Paul McCray, Stanley Perlman ndi anzawo a pa University of Iowa anaziika jini ya munthu pofufuza matenda a SARS, n'kulengeza mu 2007. SARS itazilala, mbewazi zinasowa ntchito, ndipo umuna wake unangosungidwa mufiriji. Mu 2020 a Jackson Laboratory ku Maine anazidzutsanso n'kuyamba kuzitumiza kumayiko ambiri. Koma mbewa zimenezi zili ndi chitseko cha munthu m'malo amene mwa munthu weniweni n'chosowa, kuphatikizapo mu ubongo. Mu 2008 gulu la ku Iowa lomwelo linali litaona kale kuti mu mbewazi SARS imalowera m'mphuno, kukafika mu ubongo, n'kupha. Kachirombo katsopano katachita zofanana, nkhani zinafala zoti Covid-19 imakwera ndi mitsempha ya m'mphuno kukadya ubongo. Amene munasiya kumva fungo masiku amenewo mukukumbukira mantha ake.

Ndiye mu Novembala 2021 kunatuluka kafukufuku wa Mona Khan, Laura Van Gerven, Peter Mombaerts ndi anzawo. Iwo ankafika pabedi la munthu womwalira ndi Covid-19 m'zipatala za ku Belgium, patangopita nthawi yochepa chimwalirire, n'kutenga minofu ya m'mphuno ndi kagawo ka ubongo kolandira fungo. Anachita izi pa anthu 70. Kachirombo anakapeza m'maselo ochirikiza aja. M'mitsempha yomva fungo sanakapeze, m'kati mwa kagawo ka ubongo kaja sanakapezenso. Mkanganowu sunatheretu, chifukwa gulu lina ku Berlin ndi lina la Institut Pasteur ku Paris anali atalengeza zosiyana ndi izi. Koma chimene sitingatsutsane n'chakuti ubongo wa mbewa ija unali ndi chitseko chimene anthu anachita kuikapo ndi manja awo. Ukabowola khoma wekha n'kuikapo chitseko, usamaitane mudzi wonse kuti udzaone mmene akuba amalowera m'nyumba za anthu.

Hamster ndi yabwinoko, poti imadwala yokha popanda kuisintha majini. Koma nayo ili ndi mbiri yake. Mu 1930 katswiri wa zinyama Israel Aharoni anakumba una m'munda wa tirigu pafupi ndi Aleppo ku Syria, n'kupeza hamster yaikazi ndi ana ake. Ochepa kwambiri ndi amene anapulumuka n'kuswana ku Hebrew University ku Jerusalem, ndipo pafupifupi ma hamster onse a mu labotale lero ndi zidzukulu za banja limodzi limenelo. Anthu mabiliyoni asanu ndi atatu, amisinkhu yosiyana, osuta ndi osasuta, a shuga ndi a mphumu, akuimiriridwa ndi mbumba ya mayi mmodzi wa ku Aleppo. Kawirikawiri imakhala yaing'ono, yathanzi, ndipo kachirombo imachita kuthiridwa kambiri nthawi imodzi m'mphuno itagonekedwa ndi mankhwala. Palibe amene anatenga Covid-19 mwa njira imeneyi mu minibasi.

Chachikulu koposa n'chakuti hamster imachira, ndipo imachira msanga, m'masabata awiri kapena atatu. Anthu ambiri nawonso amachira chonchi, zoona. Koma kafukufuku wophatikiza maumboni ambiri amene anatuluka mu magazini ya BMJ mu 2022 anayerekeza kuti mwa odwala 100 alionse amene mphuno zinafa, pafupifupi 5 amatsalira ndi vutoli kwa nthawi yaitali. Pa mliri wogwira anthu mamiliyoni mazanamazana, 5 ameneyu ndi mtundu wa anthu. Iwowa ndi amene akufuna yankho, ndipo iwowa ndi amene hamster siwaimirira. Ma hamster ambiri amaphedwa tsiku lachinayi kapena la 14 kuti aonedwe m'mphuno. Gulu la tenOever linadikirako masiku 31 n'kupeza kutupa kukadalipo m'kagawo ka ubongo kolandira fungo, ndipo tiwayamikire podikira. Koma mwezi umodzi ndi chiyani kwa munthu amene akulowa chaka chachitatu?

Tsopano tifike pa mayeso enieniwo. Kodi mumadziwa bwanji kuti mbewa yasiya kumva fungo? Mumaimana chakudya usiku wonse. M'mawa mumakwirira kachakudya pansi pa utuchi m'kakhola, mumaikamo mbewayo, mumayang'ana wotchi. Yabwinobwino imafukula posachedwa. Ikazungulirazungulira mpaka nthawi yoikika kutha, mumalemba kuti siikumva. Asayansi osamala amabwerezanso mayesowa chakudya chili poonekera, kuti aone ngati nyamayo yangofooka ndi matenda kapena yasowa chilakolako. Ndi nzeru zabwino. Koma taonani kuti funso lake lili ndi mayankho awiri okha: yapeza kapena sinapeze.

Chinenero chathu chimadziwa kuti nkhani ya fungo siithera pamenepo. Timati kumva fungo, ndi liwu lomwelo limene timanenera kumva mawu, kumva kukoma, kumva kuwawa ndi kumva zimene mphunzitsi wanena. Kumva kumafuna mwini wake, amene zinthuzo zikumuchitikira m'kati. Ndipo tili ndi mawu awiri apachibale, kununkhira ndi kununkha, osiyana ndi kaphatikizo kamodzi kokha, koma pakati pawo pali mtunda wa pakati pa khitchini ndi dzala. Anthu ambiri amene mphuno zawo zikuchira pambuyo pa kachirombo amagwera m'vuto limene madokotala amalitcha parosmia, pamene zonunkhira zimasanduka zonunkha. Khofi amamveka ngati matayala akupsa, anyezi wokazinga ngati ngalande yotsekeka, nyama yowotcha ngati yowola. Mbewa ya vuto limeneli ikhoza kufukula chakudya chija mwachangu, wotchi n'kulemba kuti yachira. Mbewayo singatembenuke n'kunena kuti chakudyachi ndachipeza, koma chikununkha chimbudzi.

Ndili ndi mnzanga wa kalasi imodzi amene kwa miyezi yambiri sankatha kulowa m'kantini nthawi ya nkhomaliro chifukwa cha fungo la anyezi. Anaonda, anthu n'kumanong'onezana zawozawo, mukudziwa mmene timachitira munthu akaonda kuno. Atapita kuchipatala china anauzidwa kuti zimenezo zimatha zokha pa masabata awiri. Masabata awiri ndi kalendala ya hamster. Ndipo zimene munthu wotere wataya n'zambiri kuposa kukoma kwa ndiwo. Sadziwa ngati nyemba za dzulo zagaga. Samva waya akamapsa kuhostelo. Mayi samva kuti thewera la mwana lafunika kusintha. Mnyamata amasamba katatu patsiku poopa kuti mwina akununkha thukuta ndipo anzake akungomusunga mumtima. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa matenda awa wamva m'mimbayo amauzidwa kuti adikire kaye kuti timve kwa mbewa.

Pajatu nyamazi zimakhala m'dziko la fungo losiyana ndi lathu. Mbewa ili ndi mitundu ya timisampha ta fungo yoposa 1,000, munthu pafupifupi 400. Kachikopa komva fungo kamakuta pafupifupi theka la m'kati mwa mphuno ya mbewa, pamene mwa ife ndi kachigamba kobisika pamwamba. Kwa anansi athu ku Mozambique, bungwe la APOPO linagwiritsa ntchito abwampini pofufuza mabomba okwiriridwa pansi mpaka dzikolo linalengezedwa kuti mabombawo atha mu 2015, ndipo ku Maputo abwampini a mtundu womwewo ankanunkhiza makhololo pofufuza TB. Mphuno yotere ndi yofunika kuigwadira. Koma mwini mphuno yotere akataya theka la mphamvu zake akhoza kupezabe chakudya pansi pa utuchi, ndipo zimenezo sizitiuza kuti theka la mphuno ya munthu lingamupezetse chiyani.

Wina anena kuti ndikukokomeza, palibe amene anavulala chifukwa chokhulupirira nyama mopitirira. Alipo, ndipo anavulala mphuno yomweyi. Mu 1908 Karl Landsteiner ndi Erwin Popper ku Vienna anakwanitsa kupatsira anyani matenda a poliyo. Simon Flexner, mkulu wa Rockefeller Institute ku New York, anaitenga ntchitoyi n'kuipititsa patsogolo. Ankatenga kachirombo m'mitsempha ya nyani mmodzi n'kukabaya mu ubongo wa wina, mobwerezabwereza, kwa zaka. Anyani ake a mtundu wa rhesus sankadwala kawirikawiri akadyetsedwa kachiromboka, koma akathiridwa m'mphuno ankapuwala. Flexner anagamula kuti kachirombo ka poliyo kamalowera m'mphuno n'kukwera ndi mitsempha ya fungo. Chimene sanaone n'chakuti kachirombo kake, chifukwa chokhalitsa mu ubongo wa anyani, kanali katasintha khalidwe n'kuzolowera mitsempha yokhayokha. Ku Sweden, pa mliri wa 1911, Carl Kling ndi anzake anali atapeza kachiromboka m'matumbo a anthu, ndipo anakafotokoza zimenezi ku Washington mu 1912. Sanamveredwe. Umboni wawo unali wochokera kwa anthu odwala, pamene wa Flexner unali wochokera mu labotale yotchuka.

Ganizo lolakwika likakhala pampando, limabala ana. Ngati khomo la poliyo ndi mphuno, bwanji osalitseka? Mu 1936 ku Alabama anthu anapoperedwa m'mphuno mankhwala a picric acid osakaniza ndi alum. Mu 1937 ku Toronto ana oposa 5,000 anapoperedwa zinc sulphate, amene anali atateteza anyani mu labotale chifukwa amawotcha kachikopa komva fungo kaja. Anawo sanatetezeke ku poliyo. Ambiri anasiya kumva fungo kwa kanthawi, ndipo ena silinabwererenso. Mu 1941 Albert Sabin ndi Robert Ward, atapima matupi a anthu omwalira ndi poliyo, anapeza kachiromboka m'njira ya chakudya, osati m'mitsempha ya fungo. Kamalowera m'kamwa. Zaka pafupifupi 30 zinapita anthu akulondera khomo lolakwika. Lero zinc sulphate yemweyo ndi amene asayansi amathira m'mphuno za mbewa akafuna kuzipha mphuno dala. Ndipo phunzirolo silinalowe msanga: mu June 2009 bungwe la FDA ku America linachenjeza anthu kuti asiye kugwiritsa ntchito mankhwala ena a chimfine a Zicam othira m'mphuno, okhala ndi zinc, litalandira madandaulo oposa 130 a anthu amene anasiya kumva fungo.

Anzanga a ku sayansi yankho lawo ndimalidziwa. Amati ofufuza amalemba okha malire a ntchito yawo kumapeto kwa pepala, olakwa ndi atolankhani. Zoona pang'ono. Mu 2019 James Heathers anatsegula tsamba pa Twitter limene ntchito yake inali imodzi yokha: kutenga mutu wa nkhani ya zaumoyo n'kuwonjezerapo mawu onena kuti izi zachitika mu mbewa. Linatchuka m'masiku ochepa. Koma mu 2021 Marcia Triunfol ndi Fabio Gouveia anaunika mapepala a sayansi oposa 600 okamba za matenda a Alzheimer ofufuzidwa pa mbewa, n'kulemba mu PLOS Biology kuti ofufuza akasiya kutchula mbewa pamutu wa pepala lawo, atolankhani nawonso amazisiya, ndipo mapepala oterowo ndi amene amafalitsidwa kwambiri. Ndiye kuti mbewa imayamba kusowa pepala lisanatuluke mu labotale, ndipo woibisayo amapindula. Malire olembedwa ndi tizilembo tating'ono pa tsamba lomaliza sangafufute mutu wolembedwa ndi zilembo zazikulu pa tsamba loyamba.

Kulinso anzanga ena a mbali yathu ino amene akamva zoterezi amawomba m'manja n'kunena kuti ndiye kafukufuku wa pa nyama angothetsedwa. Amenewa sindili nawo. Kachirombo ka fuluwenza ya anthu kanapezeka mu 1933 ku London chifukwa Wilson Smith, Christopher Andrewes ndi Patrick Laidlaw anathira madzi ochukucha pakhosi a odwala m'mphuno za ferret, kanyama kooneka ngati likongwe, ndipo kanayamba kuyetsemula. Popanda hamster sitikanaona khoma lija likugumuka tsiku lachiwiri. Koma tinyamati timafa, ndipo timafera ife. William Russell ndi Rex Burch analemba mu 1959 kuti wofufuza ayenera kugwiritsa ntchito njira ina pamene ilipo, kuchepetsa chiwerengero cha nyama, ndi kuchepetsa kuzunzika kwake. Ine ndingawonjezere ngongole yachinayi: ukapha nyama kuti ikuuze kanthu, unene zimene yakuuzazo, osainamizira zimene sinanene. Kuitchula pamutu wa nkhani ndi chipepeso chochepetsetsa chimene ingalandire.

Taonaninso kumene kwachokera zochepa zimene zikuthandiza odwala. Mu 2009 Thomas Hummel wa ku Dresden anayesa chinthu chosavuta pa anthu: kununkhiza mafungo anayi, a duwa la rozi, bulugamu, ndimu ndi clove, kawiri patsiku, kwa masabata 12. Ena mwa iwo anayamba kumvako bwino kuposa amene sanachite. Si mankhwala odabwitsa, ndipo sathandiza aliyense, koma ndi njira imene madokotala a mphuno amalangiza mpaka lero, ndipo bulugamu ndi mandimu sitichita kuitanitsa kunja. Kununkhizatu modekha, osati kulowetsa adyo m'mphuno monga ena ankaonetsera pa TikTok, kapena kuthiramo zilizonse zokhala ndi zinc. Mu Disembala 2022 gulu la Bradley Goldstein ku Duke University linalengeza zimene linapeza litatenga tizidutswa ta m'mphuno za anthu amoyo, asanu ndi anayi mwa iwo osamva fungo kwa miyezi yambiri. Kachirombo kanali katapita kalekale, koma asilikali a chitetezo otchedwa T cells anali akadali pamalopo, ndipo mitsempha yomva fungo inali itachepa. Anthuwo anachita kuvomera okha kuti adulidwe.

Nanga za khofi wonunkha uja zinadziwika bwanji? Jane Parker, katswiri wa mafungo a zakudya pa University of Reading, anagwiritsa ntchito makina olekanitsa fungo la khofi kukhala tizigawo take, kamodzikamodzi, tikutulukira pa kapaipi. Pa kapaipipo anakhazikapo anthu odwala parosmia, n'kuwauza kuti azinunkhiza ndi kunena chimene akumva. Tizigawo tambiri tinkadutsa popanda vuto. Tikafika tina tochepa, anthuwo ankanyansidwa, ndipo kamene kanatchulidwa kawirikawiri ndi 2-furanmethanethiol, komwe kwa ena tonsefe ndi kamene kamapangitsa khofi wokazinga kununkhira. Zotsatirazi zinatuluka mu 2022, ndipo mmodzi mwa olemba pepalalo ndi Chrissi Kelly, mayi amene mphuno yake inafa mu 2012 ndipo anayambitsa gulu la AbScent losonkhanitsa odwala anzake.